Akakupezani a Kafukufuku ku Joni, Funsani Kaye

Abale anga, chichitikireni zipolowe za mu 2008 zija, zimene zinayambira ku Alexandra, dera la mu Johannesburg, n'kuphetsa anthu 62, nkhani za ife obwera zimafunidwa kwambiri ndi ofufuza a m'mayunivesite. Ambiri ndi anthu abwino. Ku yunivesite ya Wits kuli nthambi ya African Centre for Migration & Society yomwe ntchito yake ndi yomweyi. Oipa ndi madobadoba oima pakati.

Wanga anali Mmalawi mnzanga, wolankhula Chiyao ngati ine, ndipo ndi chimene chinandigonetsa tulo. Anandipeza Lachisanu tikutuluka mumzikiti, faelo yabuluu ili m'khwapa. "Achimwene, kwabwera azungu a kafukufuku. Mukangowafotokozera mmene munawolokera pa Beitbridge, akuthandizani pemiti." Anati kulembetsa ndi R500. Ndinapereka, ndalama imene ndinasungira feteleza wa amayi ku Mangochi.

Anandikhazika kuseri kwa shopu ina, foni ili pa kamtengo kamiyendo itatu. Mzungu sindinamuone. Ndinayankhula zonse: kumene ndimagwira ntchito ya m'galadeni, masiku anga kuti anatha liti, mwana amene ndinasiya akuyamwa. Pasipoti anaijambula tsamba ndi tsamba. Patatha milungu itatu, mlongo wanga ananditumizira vidiyo pa WhatsApp, nkhope yanga ili poyera, ndikulira. Abwana anaiona pa Facebook, anandipatsa malipiro a sabata imodzi n'kutseka geti. Amayi anamva kwa anthu a pachigayo. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa, makamaka za amayizo.

Tsono mvetsetsani. Wofufuza sapereka pemiti, imeneyo ndi ntchito ya Home Affairs basi. Wina akalumikiza ziwirizi, dzukani muzipita. Wofufuza weniweni salipiritsa. Safuna nambala ya pasipoti, adilesi kapena dzina la abwana anu. Akazifuna, n'zantchito yanji?

Weniweni amabwera ndi fomu yopempha chilolezo chanu, yokhala ndi dzina la yunivesite ndi nambala yochokera ku komiti yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu. Muwerengereni limodzi, ndipo ngati Chingerezi chikuvuta, itanani womasulira amene mwasankha nokha, osati wobwera naye iye. Kope imodzi ikhale yanu. Uzani kuti alembe dzina lina, ndipo nkhope ayi. Muli ndi ufulu wosiya pakati, ngakhale mutasaina kale. Lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limateteza zinsinsi za munthu aliyense muno mu South Africa.

Ndipo chonde, lekani kutengana m'magulu chifukwa choti kuli Fanta ndi mabanzi! Ndinaonapo anyamata khumi akuulula njira zonse za pa boda pamaso pa munthu amene sakumudziwa n'komwe dzina. Musanakhale pansi, imbani foni ku yunivesiteyo pa nambala imene mwaipeza nokha pa intaneti, mufunse ngati akumudziwa.