Ululu wa pansi pa nthiti musauthamangire ndi soda

Chiyambireni kugulitsa nandolo mu Ogasiti, kuno ku Thekerani ndakhala ndikumva dandaulo limodzimodzi. Munthu wadya nkhumba ya pachiwaya kapena chipisi chonona madzulo, pakati pa usiku wadzuka akubuula atagwira pansi pa nthiti za kumanja. Kukacha mukamufunsa amati, "Ndi maalasa anga aja alangizi, ndamwa kale soda." Anakuyezani ndani maalasawo? Palibe. Anangomva kwa anzake pamjigo.

Ena mwa anthu amenewa chikuwavuta ndi ndulu. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku akukadziwa kathumba kobiriwira komatirira kuchiwindi, kaja mumakachotsa ndi nsonga ya mpeni mosamala kuopa kuti kakaphulika ndiwo yonse iwawa. Nafenso tili nako, kotalika masentimita 7 mpaka 10, kooneka ngati peyala laling'ono. Madzi owawawo amapangidwa ndi chiwindi, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo patsiku, ndipo kathumbako kamangosunga mamililita ngati 50, masupuni atatu aakulu basi. Mafuta akafika m'matumbo kamafinyika n'kuthiramo nduluyo, imene imaswa mafutawo monga amachitira sopo pa mbale yonona kuti thupi liwayamwe pamodzi ndi mavitamini A, D, E ndi K.

Ndulu ikachulukirwa mafuta ena a m'thupi otchedwa cholesterol imaundana n'kupanga timiyala. Ambiri amakhala nato osadziwa mpaka kukalamba. Vuto limabwera pamene kathumba kakufinyika, kamwala n'kutseka pakhomo potulukira. N'chifukwa chake ululuwo umatsata chakudya chonona, umagwira osalekeza kwa ola lathunthu kapena maola angapo, n'kulasa mpaka kumsana ndi paphewa la kumanja, nseru ili pomwepo. Soda wanuyo amakathera m'chifu, komwe amangoziziritsa asidi. Kumene kuli kamwala safikako n'komwe. Kamwala kakasuntha kokha ululu umaleka, inu n'kumatamanda soda. Apa ndi pamene anthu akupusitsika, ndipo akutaya miyezi.

Mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, wa ana asanu, amene amalima nandolo ndi chinangwa, anandiuza yekha kuti wakhala akumwa soda kuyambira chaka chatha. Ululu utakula, apongozi ake anamutengera kokatemera, pansi pa nthiti ponse mphini zokhazokha. Ndinamupeza atakhala pamkeka, maso ali chikasu, akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Mkodzo akuti unali ngati tiyi wopanda mkaka. Anandiyankha kuti, "Alangizi, ndimati ndimalize kaye kumenya nandolo." Kamwala kanali katatsika n'kutseka njira yaikulu ya ndulu. Anagonekedwa, banja linagulitsa mbuzi ziwiri za thiransipoti ndi chakudya cha omudikirira, nandolo uja anafumbwa m'matumba, munda anzake akugalauza wake uli tchire.

Chinanso chondikwiyitsa ndi ichi chafala pa WhatsApp, choti mumwe kapu ya mafuta ophikira osakaniza ndi mandimu kuti miyala ituluke. Timibulu tobiriwira timene anthu amationa kuchimbudzi n'kumasangalala ndi mafuta omwewo ataundana m'matumbo. Miyala yeniyeni ili pomwe inali, ndipo mwakakamiza kathumba kodwala kufinyika ndi mphamvu zake zonse. Ena akumwa ndulu ya mbuzi kapena ya nsomba ati ndulu ichiza ndulu inzake. Ndulu ya nsomba zina imapha impso. Lekani.

Amene timiyalati timakonda kuwagwira ndi amayi, makamaka obereka kangapo, anthu opyola zaka 40, onenepa, oonda mwadzidzidzi, komanso odwala matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell. Kukhala ndi njala nthawi yaitali nakonso kumachititsa ndulu kukhalitsa m'kathumba, choncho inu othyola tiyi amene mumalawira m'mimba muli pululu n'kudzadya kamodzi usiku, ponyaniko kaphala kapena mbatata m'mawa.

Ululu woterewu ukabwera kawiri, pitani kuchipatala mukafotokoze malo enieni opweteka ndi chimene munadya, musakangoti m'mimba. Timiyala timaoneka pa sikani yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera, ndipo amafuna mupite musanadye. Podikira thandizo la kuchipatala chepetsani zokazinga, ndiwo zikhale zowiritsa, masamba, nyemba ndi mgaiwa. Thupi likatentha, maso akachita chikasu, chimbudzi chikayera kapena ululu ukapyola maola 6, nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale pa kabaza. Akanena za opaleshoni, kaya akutumizani ku Queens ku Blantyre, musathawe. Madokotala akhala akuchotsa kathumbaka kuyambira 1882, ndipo chiwindi chimapitiriza kuthira ndulu m'matumbo, kungoti ena amatsegulako m'mimba masabata oyamba akadya zonona.