Musanasaine za nyumba ku banki ya Chisilamu, funsani za madzi osefukira

Ndikamayendera alimi a thonje ku Ngabu ndi ogwira ntchito kumunda wa nzimbe ku Nchalo, abale athu Achisilamu amandifunsa za njira yopezera nyumba popanda chiwongoladzanja, chomwe iwo amati riba. Mabanki ena, monga FDH, anatsegula gawo la Chisilamu. Koma mawu oti halal asakugonekeni tulo, pepala la mgwirizano liwerengeni ndithu.

Njira imodzi ndi murabaha. Banki imagula nyumbayo kenako n'kukugulitsani itaikapo phindu lake. Mtengo wonse ulembedwe tsiku losaina, ndipo suyenera kusintha ngakhale kwacha itagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njira ina ndi musharaka: nyumba mumagawana umwini ndi banki, inu n'kumalipira lendi pa gawo lake uku mukuligula pang'onopang'ono. Lendiyo imatha kukwera, choncho funsani kuti amaiunikanso liti.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Tinaona chigumula cha 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Pa murabaha nyumba ndi yanu kuyambira tsiku logula, ndiye Shire kapena Ruo akaikokolola, ngongole yonse imatsala pamutu panu. Pa musharaka, malamulo a Chisilamu amati eni onse awiri agawane chitayikocho molingana ndi magawo awo. Komabe chomwe khoti lidzayang'ane ndi chimene munasaina. Muuzeni wa kubankiyo kuti, "Achimwene, ndilozereni ndi chala pamene palembedwa za madzi osefukira." Ngati pali inshuwalansi, kaya ndi ya takaful (inshuwalansi ya Chisilamu), dziwani amene akulipira, komanso ngati imabwezadi pa chigumula, poti ina imangoteteza ku moto.

Mukachedwa kulipira chifukwa mbewu zapsa ndi dzuwa, chindapusa sichiyenera kusanduka phindu la banki. Mwa mwambo wake chimapita kothandiza osowa. Nachonso chilembedwe. M'Qur'an momwe, pa 2:282, muli lamulo loti ngongole izilembedwa ndipo pakhale mboni.

Za malo ndingoti kalata ya amfumu payokha banki siidalira. Lembetsani malo anu motsatira lamulo la malo a mafumu la Customary Land Act la 2016.

Banki iliyonse, ya Chisilamu kapena ayi, imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010. Mukaona kuti akuponderani, lembani kalata kubankiyo, musunge kope lodindidwa. Akapanda kukuthandizani, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Ngati anakunamizani potsatsa malonda, a bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission amamvanso nkhani zotere. Malisiti onse ndi kope la mgwirizano muzikulunge m'pepala la pulasitiki, musunge pamalo okwera, ndipo muzijambulenso pafoni dzinja lisanafike.