Malangizo a kamwedwe ka mkaka ndi chambiko pofuna kulimbitsa mafupa

Malangizo awa ndi a mkaka wa m'paketi ndi chambiko zochokera kwa alimi a ng'ombe a ku Dedza, ndipo alembedwera inu ogula a ku Chipata, Katete ndi madera ozungulira. Za kutsegula paketi ndi kuthira m'kapu mukuzidziwa kale.

Kapu imodzi ya mamililita 250 ili ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni ndi mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 1,000 a kashiamu pa tsiku. Achinyamata a zaka 10 mpaka 18, komanso amayi amene anasiya kusamba, amafunika 1,300.

Anthu ambiri akamva za mafupa amangoganiza za kashiamu, koma payekha sakwanira. Fupa lili ngati nkhokwe yomata: pali nsungwi zolukidwa, ndiye pamwamba pake dothi. Nsungwizo ndi puloteni yotchedwa kolajeni, imene imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa fupa, ndipo kashiamu ndi mchere wina wotchedwa fosifolasi zimamatirira pamenepo ngati dothi lija. Kolajeni ikachepa, fupa limakhala louma koma losachedwa kuthyoka. Ndiponso fupa silikhala chimodzimodzi moyo wonse, thupi limagumula lakale n'kuumba latsopano tsiku ndi tsiku, choncho zomangira ziyenera kumabwera mosalekeza.

Mapuloteni a mu mkaka ali pawiri. Magawo 80 pa 100 ndi casein, uja amaundana mkaka ukasasa, ndipo ndi amene amanyamula kashiamu wambiri. Magawo 20 otsalawo ndi whey, amene amapezeka m'madzi achikasu aja olekana ndi chambiko chikakhalitsa. Madziwo musakhuthule, ndaona ambiri akutaya poganiza kuti ndi zoipa. Takasani, kapena gwedezani paketi musanatsegule. Puloteni ikakwanira m'thupi imakwezanso homoni yotchedwa IGF-1, imene imalimbikitsa maselo oumba fupa ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu. Minofu nayo imalimba, ndipo agogo a minofu yolimba sagwa wamba.

Mlingo wa mkaka kapena chambiko ndi makapu awiri kapena atatu pa tsiku. Kunena zoona, si banja lililonse lingakwanitse zimenezi. Mkaka ukakhala wochepa, yambani ndi ana amene akusinkhuka, chifukwa fupa limakhwima munthu asanafike zaka 30, ndipo pambuyo pake n'kungosunga zimene unaunjika. Kenako amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi okalamba. Zotsalazo kwaniritsani ndi kapenta kapena usipa wodyera limodzi ndi minga yake, nyemba, soya ndi masamba monga bonongwe. Dzuwa nalo muziwothera, popeza limathandiza thupi kupanga vitamini D, amene amatsegulira kashiamu njira m'matumbo.

Tiyi wongoyeretsa ndi timadontho ta mkaka musamuwerengere ngati kapu. Ufa woyera wotchedwa creamer si mkaka, umapangidwa ndi mafuta a zomera ndi shuga, ndipo ku mafupa suthandiza. Werengani paketi musanalipire.

Ngati mkaka umakutupitsani m'mimba kapena kukutsegulani, musausiye msanga. Yesani theka la kapu pamodzi ndi phala, apo ayi imwani chambiko, chimene ena kwanuko amati mabisi, chifukwa shuga wa mu mkaka, amene amayambitsa vutoli, amakhala atachepako koma puloteni ndi kashiamu zilipobe. Koma mwana akatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika atamwa, siyani pomwepo ndipo thamangirani kuchipatala.

Sungani mkaka ndi chambiko mu fuliji pa madigiri 4, ndipo mukatsegula mumalize pasanathe masiku atatu. Kuno ku Dedza, m'miyezi ya June ndi July, anthu amasiya mkaka pa simenti usiku wonse n'kuupeza uli bwino. Musatengere zimenezo ku Chipata mu October. Ngati mulibe fuliji, gulani wokwanira tsiku lomwelo. Paketi yofufuma musagule. Mkaka wogula pakhola muziuwiritsa nthawi zonse, chifukwa waiwisi umatha kufalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena otchedwa brucellosis, pomwe kuwiritsa sikuchotsa kashiamu.

Mkaka uwu sulowa m'malo mwa bere. Mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Odwala impso afunse kaye adokotala asanawonjezere mapuloteni, ndipo amene akumwa mankhwala a doxycycline kapena ciprofloxacin asamwere mkaka, atalikitse ndi maola osachepera awiri.