Achibale akamakumbukira zosiyana, mufunse bwanji?

Ndikulemba mbiri ya banja lathu, ndipo mikangano yonga iyi siitha: amayi anga ndi ang'ono awo amasiyana pa chaka chimene bambo awo anamwalira, koma aliyense amalumbira kuti akukumbukira bwino. Palibe akunama. Ubongo susunga chochitika chonse chathunthu; nthawi iliyonse tikamakumbukira umalumikiza zidutswa, n'kudzaza mipata ndi zomwe tinamva pambuyo pake.

Musawakhazike pamodzi. Aliyense mucheze naye payekha, mujambule mawu ake pafoni asanamve zomwe mnzake wanena. Akakambirana kaye, wolankhula mwamphamvu amapambana, wofatsa uja n'kuyamba kukhulupirira kuti nayenso anaona zomwezo.

Funso lanu lisabwere ndi yankho. Mu 1974, akatswiri ofufuza za kukumbukira kwa anthu, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi yapamsewu n'kuwafunsa liwiro la magalimotowo. Ena anafunsidwa ndi mawu akuti magalimoto anaphwanyana, ena akuti anagundana. Oyambawo anatchula liwiro lokwererapo. Patatha mlungu umodzi, 16 mwa anthu 50 a gulu limenelo anati anaona magalasi osweka, pamene m'gulu linalo anali 7 okha mwa 50. Mukanemamo munalibe galasi losweka. Choncho musanene kuti "Paja tsiku lija kunkagwa mvula, eti?" Nenani kuti "Tandiuzeni za tsiku limenelo," kenako mutseke pakamwa. Kukhala chete n'kovuta, makamaka nkhaniyo mukaidziwa kale, koma mukathandiza munthu ndi liwu limodzi, mawa adzakubwezerani liwu lomwelo ngati lake.

Akamaliza, m'pamene mufunse pa mfundo iliyonse: izi munaziona nokha, munachita kumva, kapena munaziona pachithunzi? Ambiri amadabwa okha akayamba kuyankha.

Chimene chimapusitsa kwambiri ndi kutsimikiza kwa wolankhula. Chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chitaphulika pa 28 January 1986, katswiri wina wofufuza za kukumbukira, Ulric Neisser, anapempha ophunzira a pa yunivesite ya Emory ku America kuti alembe, mawa lake lomwelo, komwe anali ndi mmene anamvera uthengawo. Patapita zaka pafupifupi zitatu anawafunsanso. Ambiri anasintha malo, nthawi, ngakhale munthu amene anawauza, koma ankalankhula mosakayika m'pang'ono pomwe. Kuwaonetsa zomwe analemba ndi dzanja lawo sikunabwezeretse zoyambazo m'mutu mwawo. Ine munthu akanditsimikizira mpaka kugwetsa misozi, ndimalemba kuti nkhaniyo inamukhudza, osati kuti wapambana mtsutso.

Pa zaka ndi masiku, musalimbane ndi manambala, chifukwa ndi amene amathawa msanga. Funsani ndondomeko yake: mwana uti anali atabadwa, ndani anali kalasi yanji, munkakhala nyumba iti? Kenako fufuzani cholembedwa cha nthawi yomweyo: kalata, chiphaso cha kuchipatala, satifiketi ya sukulu, chithunzi chokhala ndi deti, uthenga wakale wa pa WhatsApp. Pepala nalo limalakwa, koma silisintha mawu chaka ndi chaka.

Umboni ukasowa, lembani nkhani zonse ziwiri, iliyonse ndi dzina la mwini wake, tsiku limene anakuuzani, ndi amene analipo pomvetsera. Mawu amene munajambula koyamba aja musawafufute. Mukadzamufunsanso munthuyo chaka chamawa, mudzafuna kuona chimene chawonjezeka.