Momwe mungakwezere galimoto yaliwiro yotsika kwambiri pangolo yaitali msinkhu osakhula bampala

Galimoto zaliwiro monga Porsche 911, Chevrolet Corvette kapena Lamborghini Huracán zimakhala pafupi kwambiri ndi nthaka. Zambiri mwa izo mpata wapansi pake ndi masentimita 10 mpaka 13 basi, ndipo mphuno yake imatulukira kutali kutsogolo kwa matayala. Ngolo yathyathyathya, imene ambiri amangoti flatbed, ili ndi khalidwe losiyana: malo oikapo katundu ali m'mwamba, ndipo marampu (zitsulo zokwererapo) amene imabwera nawo anapangidwira mathirakitala ndi mapikiapu. Mukagwiritsa ntchito marampu amenewo momwe alili, bampala imagunda chitsulo tayala lisanayambe n'komwe kukwera. Luso la dalaivala silingathetse vutoli. Chimene chimathetsa ndi kuchepetsa kutsetsereka kwa njira yokwerera, choncho ntchito imayamba ndi tepi yoyezera, galimoto isanalizidwe.

Yezani galimoto ndi ngolo

Imikani galimoto pamalo osalala, matayala atapopedwa bwino. Yezani kuchoka pansi kufika pamene mphuno yatsika kwambiri, kenako yezani kuchoka pomwe tayala lakutsogolo lagunda pansi kufika kunsonga ya mphunoyo. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 11 ndi masentimita 85. Gawani 11 ndi 85, mupeza 0.13. Tanthauzo lake n'lakuti galimotoyi ingakwere njira imene imakwera masentimita 13 pa mita iliyonse, omwe ndi madigiri pafupifupi 7. Kupitirira apo, ikhula.

Tsopano yezani msinkhu wa ngolo kuchoka pansi, kumbuyo kwake, m'masentimita, mugawe ndi 13 kuti mupeze mamita a njira yokwerera. Ngolo ya masentimita 50 ifuna njira ya mamita pafupifupi 4. Ya masentimita 90 ifuna mamita 7. Ngolo yaikulu yokokedwa ndi thiraki, imene nthawi zambiri imakhala mita imodzi ndi theka, ingafune mamita oposa 11. Yerekezani ndi marampu wamba a mamita awiri: pa ngolo ya masentimita 50 amakwera masentimita 25 pa mita, kuwirikiza kawiri zimene galimotoyi ingapirire. Ndipo pa zimene mwawerengazo onjezerani pang'ono, chifukwa dalaivala akalowa kapena mabuleki akapondedwa, masipuling'i amafinyika ndipo mphuno imatsikanso.

Pali malo ena awiri amene anthu amaiwala. Oyamba ndi pamwamba, pomwe rampu imakumana ndi ngolo. Matayala akutsogolo akafika pangolo akumbuyo adakali parampu, mimba ya galimoto imayandikira m'mphepete mwa ngoloyo. Kuti mudziwe malire ake, chulukitsani mpata wapansi kanayi, mugawe ndi mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Mpata wa masentimita 11 ndi mtunda wa masentimita 250 zipereka 0.176, kutanthauza masentimita oposa 17 pang'ono pa mita. Rampu yotsetsereka kuposa apo ikanikiza mimba, ngakhale mphuno itadutsa bwinobwino. Achiwiri ndi kumbuyo: mapaipi a utsi ndi pulasitiki yapansi zimatha kukwekwereza pansi pamene mphuno yayang'ana kumwamba.

Tsitsani ngolo musanatalikitse marampu

Sentimita iliyonse imene mungachotse pa msinkhu wa ngolo ikupulumutsani masentimita pafupifupi 8 a rampu, ndiye yambirani pamenepa. Funani malo olimba amene nthaka ya kumbuyo kwa ngolo ili yokwererako, monga m'mphepete mwa msewu wokwera, matayala a ngolo akhale kumunsi. Malowo asapendekere kumbali.

Njira ina yodalirika ndi kukweza matayala akumbuyo a galimoto yokoka pamatabwa okhuthala a masentimita 10 mpaka 15. Kutsogolo kwa ngolo kumakwera, kumbuyo n'kutsika, ndipo mwapindula pawiri: marampu agona, komanso msana wa pomwe rampu imakumana ndi ngolo wachepa chifukwa ngoloyo yapendekera kutsata rampu. Ngolo ikhalebe yomangirira ku galimoto yokoka nthawi yonseyi. Kokani handibuleki ya galimoto yokoka, ikani zotsekera kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala a ngolo, ndipo chirikizani kumbuyo kwa ngolo ndi zoimikira zachitsulo kapena matabwa. Mukapanda kutero, kulemera kwa galimoto yokwerayo, komwe kumakhala makilogalamu 1,300 mpaka 1,800, kumatsitsa mchira wa ngolo n'kunyamula matayala akumbuyo a galimoto yokoka. Handibuleki imagwira matayala omwewo, ndiye zonse zimayamba kuyenda zokha.

Ngati ngolo ndi ya mita imodzi ndi theka, musalimbane ndi matabwa. Gwiritsani ntchito pulatifomu yopakirira katundu yofanana msinkhu ndi ngoloyo, kapena itanitsani galimoto yonyamula magalimoto imene bedi lake limapendekera mpaka pansi. Imeneyo imanyamula galimotoyo, n'kubwerera chammbuyo mpaka kugundana ndi ngolo, ndipo pamatsala kampata kochepa kolumikiza ndi marampu aafupi olimba. Folokolifiti pansi pa galimoto yaliwiro ayi: pansi pake pali mapulasitiki, maradiyeta ndi mapaipi amene amaphwanyika msanga.

Konzani njira yokwerera

Marampu aatali a aluminiyamu ndiye abwino koposa, malinga kulemera kumene analemba kuti angasenze kukhale koposa kwa galimoto. Rampu yaitali imapindika pakati, choncho ichirikizeni pakatipo ndi choimikira. M'lifupi mwake muonenso, chifukwa matayala akumbuyo a galimoto zimenezi amafika masentimita 30 kapena kuposa.

Marampu akakhala aafupi, awonjezereni ndi matabwa okhuthala masentimita 5, a m'lifupi masentimita 30. Asanjikizeni ngati masitepe: lapansi mamita 2.4, lachiwiri 1.8, lachitatu 1.2, onse olingana kumbali ya ngolo, ndipo phazi la rampu likhale pamwamba pa mulu umenewu. Sitepe iliyonse ikhale masentimita osachepera 45 kuchoka pa inzake. Cholinga chake n'chakuti matayala akutsogolo ayambe kukwera mphuno isanafike parampu. Sadzulani nsonga za matabwawo kuti tayala likwere mosagunda, ndipo amangeni pamodzi ndi masikuluwu. Thabwa longoikidwa losamanga ndi loopsa: tayala likaponda nsonga imodzi, inayo imadzuka n'kumenya bampala kapena m'mbali mwa galimoto chapansi. Masiku ano kulinso zowonjezera marampu zopangidwa ndi thovu lolimba, zopepuka ndiponso zosaterereka, ndipo kwa amene amanyamula galimoto zotere kawirikawiri n'zoyenera kugula.

Mangirirani rampu iliyonse ku ngolo ndi mapini ake kapena lamba. Galimoto zambiri zaliwiro zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo tayala likazungulira mwamphamvu limaponya rampu kumbuyo galimoto ili pakati pa ulendo. Pukutani madzi, matope ndi oyilo.

Kukweza kwenikweni

Galimoto zina zili ndi batani lokweza mphuno masentimita 3 mpaka 5. Likanikizeni musanayambe. Ngati pulasitiki yapansi pa bampala imamasuka mosavuta, imasuleni.

Winchi, makina okoka ndi chingwe, iposa kukwera ndi injini. Imakoka pang'onopang'ono mofanana, mungaime paliponse, ndipo kilachi sipsa. Tengani mphete yokokera m'zida za galimotoyo, muipotokolere pabowo la pabampala mpaka kumapeto. Zina zimamangika popotoza chakumanzere, ndiye ikakana musaikakamize. Ikani giya pa nyutulo. Magiya ena amakono salola nyutulo injini itazima pokhapokha mutatsata njira yake, ndipo njirayo ili m'buku la galimoto. Yang'anani chingwe cha winchi: pangolo yaitali msinkhu chimakoka chokwera, ndipo chimatha kudula bampala pamwamba pa bowo kapena kukhuzika m'mphepete mwa ngolo. Chikatero, chidutsitseni pakapule (kagudumu kotsogolera chingwe) kuti chitsike. Munthu mmodzi akhale pachiwongolero phazi lili pabuleki, ndipo aliyense asaime kumbuyo kwa galimoto kapena pafupi ndi chingwe.

Ngati winchi palibe, lowetsani giya yoyamba, muyende liwiro la munthu woyenda pang'onopang'ono. Musathamangire kuti mukwere ndi mphamvu, chifukwa tayala likagunda rampu mwaliwiro masipuling'i amafinyika mphuno n'kumenya. Musaimitsenso galimoto parampu ndi kilachi.

Pakhale oyang'ana awiri, mmodzi mbali iliyonse, atagwada kuti aone pansi, koma wolankhula ndi dalaivala akhale mmodzi yekha. Imani katatu: mphuno ikamayandikira rampu, matayala akumbuyo akamafika pamatabwa, ndi mimba ikamadutsa m'mphepete mwa ngolo. Paliponse pakhale mpata wolowa zala ziwiri. Ukachepa, bwererani pansi muwonjezere thabwa. Mimba ikamayandikira, thabwa limodzi pangolo pomwe matayala akutsogolo akuponda limainyamula mokwanira.

Kuika bwino ndi kumanga

Pangolo yokokedwa ndi pikiapu, kulemera kumene kumatsamira pachokokera kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse, osapitirira zimene zalembedwa pachokokeracho. Kukachepa, ngolo imagwedeza mchira paliwiro. Apa m'pofunika kudziwa komwe kuli injini. Porsche 911 ili ndi injini kumbuyo ndipo magawo pafupifupi 60 pa 100 a kulemera kwake ali pamatayala akumbuyo, choncho iyenera kusunthidwa kutsogolo kuposa galimoto wamba. Ena amaikweza chammbuyo, koma phiko lakumbuyo ndi denga lansalu sizinapangidwire mphepo yochokera kumbuyo, ndiye muganizire kaye.

Mangani ndi malamba anayi odutsa pamwamba pa matayala, lililonse tayala lake, okokera kutsogolo ndi kumbuyo. Mukatero galimoto imasewera pamasipuling'i ake malamba osakhwefuka. Musakoloweke ngowe pamikono ya sasipenshoni, ambiri ndi a aluminiyamu ndipo amapindika, komanso mphete yokokera ija si yomangira. Lamba asakhudze mapaipi a mabuleki kapena madisiki otentha, ndipo chitsulo chomangitsira lamba chisagunde limu kapena bampala. Kokani handibuleki, tsitsani mphuno ngati munaikweza, pindani magalasi am'mbali, tsekani mawindo, ndipo zimitsani alamu yomva kupendekera kuti isalire njira yonse n'kumaliza batire. Dalaivala potuluka akumbukire kuti ali m'mwamba ndipo malo opondapo m'mbali ndi ochepa. Mukayenda makilomita 20 kapena 30 oyamba, imani mukokenso malamba, chifukwa amakhala atakhwefukako.

Potsitsa, bwezerani zonse momwe zinalili pokweza: matabwa omwewo, kupendekera komweko kwa ngolo, zochirikiza ndi oyang'ana. Bampala zambiri zimakhulika panthawi imeneyi, pamene matayala akutsogolo akuchoka parampu mphuno idakali pamwamba pake, dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Tsitsani ndi winchi, kapena ndi buleki yopondedwa mofewa mosalekeza, mpaka mphuno itadutsa thabwa lomaliza.