Kalekanitsidwe ka mapuloteni pa kagalasi ka microchip

Wophunzira wochokera kumudzi amene wayamba kafukufuku mu labotale ya ku Wits (University of the Witwatersrand) kapena ku University of Johannesburg, ngati anazolowera kudikira maola ambiri kuti jeli ya SDS-PAGE, njira yakale yolekanitsira mapuloteni potengera kukula kwake, ionetse mizere, amadabwa kuona zotsatira za masampulo 10 zikutuluka pasanathe ola limodzi. Njira imeneyi, yolekanitsira zinthu ndi magetsi pa kagalasi kakang'ono ka microchip, inayamba cha m'ma 1992 ndi ntchito ya Andreas Manz ndi Jed Harrison, ndipo makina otchuka a Agilent 2100 Bioanalyzer anatuluka mu 1999.

Mfundo yake ndi yakale yomwe ija ya SDS-PAGE. Mankhwala a SDS amamatirira ku puloteni, pafupifupi magalamu 1.4 pa galamu iliyonse, n'kuipatsa mphamvu ya negative, kotero magetsi akayatsidwa mapuloteni aang'ono amadutsa msanga mu jeli pamene aakulu amatsalira. Chasintha n'chakuti ulendo wonsewu umachitikira m'tingalande tosemedwa m'galasi, topyapyala ngati tsitsi, ndipo laser ndi imene imawerenga kuwala kwa utoto womatirira ku mapuloteniwo.

Titenge chitsanzo cha kiti ya Protein 230, yoyezera mapuloteni a kukula kwa 14 mpaka 230 kDa (kilodalton, muyezo wa kulemera kwa puloteni). Tulutsani mankhwala mufiriji kuti afike pa kutentha kwa m'chipinda, koma utoto muutchinge ku kuwala. Sakanizani ma microlitre 4 a sampulo ndi ma microlitre 2 a mankhwala ofutukula puloteni, mutathiramo mankhwala a DTT ngati mukufuna kudula ma disulfide bond, omwe amamangirira zigawo za puloteni pamodzi, kenako mutenthetse kwa mphindi 5 pa madigiri 95 kapena kupitirirapo pang'ono.

Apa m'pamene malo athu ano amavutitsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi amawira pa madigiri 94 okha, ndipo amene amaviika machubu m'madzi owira poganiza kuti afika pa 100 amadzinamiza. Gwiritsani ntchito heating block, chipangizo chamagetsi chotenthetsera machubu, ndipo muiyeze ndi thermometer. Machubu akazizira, azungulitseni pang'ono mu centrifuge, n'kuthiramo ma microlitre 84 a madzi opanda mchere.

Kudzaza kagalasi ndiye ntchito yofuna mtima woleza. Thirani ma microlitre 12 a jeli yosakaniza ndi utoto m'kadzenje kake, tsekani chopanikizira, kanikizani jakisoni wake, ndipo mudikire masekondi 60 enieni. Nsonga ya pipette izifika pansi pa kadzenje, chifukwa kathovu kamodzi ka mpweya kamadula njira ya magetsi n'kuwononga kagalasi konse, komwe sikagwiritsidwanso ntchito kachiwiri. Ine ndimakonda kukatembenuza n'kuyang'ana tingalandeto pa kuwala ndisanathire masampulo.

Ikani ma microlitre 6 a sampulo m'kadzenje kalikonse ka masampulo, osasiya kopanda kanthu, pamodzi ndi ladder yoyerekezera kukula, ndipo muyambitse makina pasanathe mphindi 5. M'nyengo yozizira ya June ndi July mpweya wa kuno umauma kwambiri, ndipo timadontho totere timauma msanga. Makinawo akhale olumikizidwa ku UPS, batire lothandiza magetsi akazima, popeza magetsi akazima pakati pa ntchito mwataya zonse.

Powerenga graph imene makinawo amatulutsa, musakhulupirire nambala mwachimbulimbuli. Mapuloteni okhala ndi shuga womatirira, monga chigawo cholemera (heavy chain) cha ma antibody, amaoneka aakulu kuposa mmene alili, ndipo sampulo ya mchere wambiri imatsitsa nsonga za graph. Zikatero, isungunuleni ndi madzi kapena muisinthire buffer, madzi a mankhwala amene sampuloyo ilimo, musanabwereze.