Kupanga plugin yotenthetsa mawu, ndi kuiyeza musanaikhulupirire

Plugin yanga yoyamba, kapulogalamu kosintha kamvekedwe ka mawu pa kompyuta, inali ya mizere yochepa kwambiri. Ndinaiyika pa besi ya nyimbo ina ya kwaya imene ndinkasakaniza, besiyo inanenepa bwinobwino, ine n'kudzitama kuti ndatha. Nditaiyika pa hi-hat ndi pa gitala ya lidi, pansi pa nyimbo panayamba kumveka kamluzu kosadziwika kumene kachokera, kosagwirizana ndi kiyi. Masiku awiri athunthu ndinkanamizira mahedifoni, pamene wolakwa anali masamu anga omwe.

Ngati mukuyamba kumene, musathamangire chilankhulo cha mapulogalamu cha C++ ndi JUCE, zida zopangira ma plugin m'chilankhulocho. JUCE ndi yabwino, plugin zambiri zimapangidwa nayo, koma mutha kutha sabata mukulimbana ndi compiler, chosandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu, musanamve kanthu. Reaper, pulogalamu yojambulira ndi kusakanizira nyimbo ya kampani ya Cockos, ili ndi kachilankhulo kake kotchedwa JSFX. Mumatsegula windo la FX, kusankha "Create new JS FX", kulemba, kudina Ctrl+S, ndipo zimene mwasinthazo zimamveka pompopompo nyimbo ikuyimba. Amakupatsani masiku 60 oyesera, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yotopa ngati yangayi.

Kwa kompyuta, mawu ndi manambala ondondozana, kawirikawiri pakati pa -1 ndi 1. Pulojekiti ikakhala pa 44,100 Hz, manambala 44,100 amadutsa pa sekondi iliyonse kumanzere, enanso ochuluka chimodzimodzi kumanja. Ntchito ya plugin ndi kulandira nambala, kuisintha, n'kuibweza. Mu JSFX ya kumanzere imatchedwa spl0, ya kumanja spl1. Lembani izi:

desc:Chotenthetsa mawu
slider1:0<0,24,0.1>Drive
@slider
g = 10^(slider1/20);
@sample
a = exp(2*spl0*g); spl0 = (a-1)/(a+1);
b = exp(2*spl1*g); spl1 = (b-1)/(b+1);

Mzere wa g ukusandutsa ma dB (muyezo wa mphamvu ya mawu) amene mwaika pa slider ya Drive kukhala nambala yochulukitsira: 6 dB ndi pafupifupi kawiri, 20 dB ndi kakhumi. Mizere iwiri yomalizayo ndi masamu otchedwa tanh, imene tailemba ndi exp chifukwa JSFX ilibe tanh yakeyake. Manambala aang'ono imawadutsitsa pafupifupi mmene alili, aakulu imawapinda kuti asapitirire 1. Kupindako kumabala mawu atsopano pamwamba pa oyambawo, otchedwa ma harmonic, ndiwo amene khutu limamva ngati kutentha. Popeza tanh imapinda mofanana kumwamba ndi kunsi, ma harmonic ake ndi frequency ya mawu oyamba yochulukitsidwa katatu, kasanu, kasanu n'kawiri, choncho basi.

Tsopano zimitsani nyimbo. Apa m'pamene ine ndinalakwitsa, ndinkayesa ndi nyimbo yonse n'kumadalira khutu. Tsegulani track yopanda kanthu, ikanipo zinthu zitatu motsatana: Tone Generator yobwera ndi Reaper, plugin yanu, ndi choonetsa spectrum, chithunzi cha ma frequency onse ali m'mawuwo. Ine ndimagwiritsa ntchito SPAN ya Voxengo, yaulere. Tsitsani voliyumu ya masipika, mluzu wa sine, mawu a frequency imodzi yokha ochokera mu Tone Generator, suchedwa kutopetsa mutu.

Yambani ndi sine ya 1,000 Hz. Mukamakweza Drive mudzaona timizere tikumera pa 3,000, pa 5,000, pa 7,000, tikufupikirafupikira. Zonse zili m'malo. Kenako kwezani sine ifike pa 5,000 Hz, Drive pa 18 dB. Masamu akuti tiyembekezere 15,000, 25,000, 35,000 ndi 45,000. Koma pa 44,100 Hz kompyuta singasunge frequency yopitirira theka lake, 22,050 Hz, malire amene amatchedwa ndi dzina la Harry Nyquist. Zopitirira malirewo sizisowa ayi. Zimabwerera ngati mpira wogunda khoma. 25,000 yapitirira ndi 2,950, ndiye imabwerera mtunda womwewo n'kutera pa 19,100. 35,000 imatera pa 9,100. Ya 45,000 imagunda khoma lam'mwamba, kubwerera mpaka kugundanso pa ziro, n'kukhazikika pa 900 Hz, pakatikati penipeni pa mawu a oyimba. 900 ilibe chibale chilichonse ndi 5,000, n'chifukwa chake imamveka ngati mlendo. Iyi ndiye aliasing, ndipo kamluzu kanga kaja kanali komweka.

Mukafuna kutsimikiza, kwezani sine pang'onopang'ono mukuyang'ana spectrum. Ma harmonic enieni onse amakwera nayo. Mukaona kamzere kakutsika pamene inu mukukweza, mwagwira wakuba. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: pulojekiti ikakhala pa 48,000 Hz, sine ya 1,000 Hz imakunamizani, chifukwa zobwererazo zimatera ndendende pamwamba pa ma harmonic enieni n'kubisala. N'chifukwa chake akatswiri oyeza zida za mawu amakonda 997 Hz. Poyamba ndinkaona ngati n'kudzionetsera chabe, koma ayi.

EQ, chokwezera kapena kutsitsira ma frequency ena, yoikidwa pambuyo singakonze zimenezi, pakuti phokosolo lasakanikirana kale ndi nyimbo, ngati mchenga mu ufa. Mankhwala ake ndi oversampling: kukankhira khoma lija kutali musanapinde mawu. Mukachulukitsa kanayi, 44,100 imakhala 176,400, malire n'kufika pa 88,200 Hz, ndipo 45,000 ija imapeza malo ake. Mukatha kupinda mumasefa zonse zopitirira 22,050 ndi low-pass filter, kenako n'kubwerera pa 44,100. Sefayo ndiye mwini ntchito. Mukaidumpha mwangovutitsa kompyuta pachabe. Reaper ya masiku ano imatha kukuchitirani zonsezi, mungodina kumanja pa dzina la plugin n'kusankha oversampling. Mukadzasamukira ku JUCE mudzapeza dsp::Oversampling yokonzedwa kale. Yezaninso ndi sine yomwe ija. Timizere tachilendo tidzatsika kwambiri koma sitidzatheratu, chifukwa ma harmonic a tanh alibe pothera, amangochepa mphamvu.

Patsala tiwiri tating'ono. Mukamasuntha Drive nyimbo ikuyimba mutha kumva kuthetheka, chifukwa g ikudumpha m'malo moyenda. Pansi pa @sample yambani ndi gs += (g-gs)*0.001, ndipo m'mizere iwiri ija lembani gs pamene panali g. Nambala 0.001 ikutanthauza kuti kusinthako kumatenga ma sample (manambala ondondozana aja) pafupifupi 1,000, mamilisekondi 23 kapena kuposerapo pang'ono, khutu silizindikira. China, onjezani slider yachiwiri yotsitsira mawu otuluka. Khutu limakondera chilichonse chokwera voliyumu, ndiye musanaweruze kuti plugin yanu yakometsa nyimbo, fananitsani voliyumu ikayaka ndi ikazima. Ine nditatero ndinapeza kuti theka la "kunenepa" kwa besi ija linali voliyumu chabe.

Oversampling imadya CPU, ndipo laputopu yanga imayamba kutsamwa ikachuluka. Pa besi ndimaisiya yozima, chifukwa noti ya 100 Hz iyenera kuchulukitsidwa kupitirira ka 220 isanafike pa malire, ndipo pofika pamenepo ma harmonic ake amakhala atafowokeratu. Pa hi-hat, gitala ya lidi ndi masoprano ndimaiyika kanayi, ndipo Drive siipitirira 12 dB.